Kachilombo kakasiya kuoneka m'magazi sikuti kachoka m'thupi

Mawu amene atitopetsa ife ogwira ntchito ku kiliniki ya ma ARV ndi awa: "Anandipempherera, ndinakayezetsa, ndipo sanakapeze." Wolankhulayo amakhala atanyamula pepala la ku labotale, ndipo pepalalo si labodza ayi. Cholakwika ndi kawerengedwe kake. Palembedwa kuti kachilombo ka HIV sikakuoneka, iye wamva kuti kachilombo kulibe. Lamlungu lotsatira botolo la mankhwala akukaliponya kutsogolo kwa mpingo, anthu akululutira, wina akujambula pa foni kuti umboniwo ufike pa Facebook dzuwa lisanalowe.

Makina oyeza viral load, kutanthauza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, amawerenga tizilombo timene tikuyandama m'madzi a magazi, m'mililita imodzi. Ali ndi malire. Ambiri amalephera kuwerenga tizilombo tikachepera 50, ena amafika pa 20. Pansi pa malirewo amangolemba kuti sanapeze kanthu. Munthu amene akumwa TLD mokhulupirika, piritsi limodzi lija lokhala ndi tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, amafika pamenepa mkati mwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Choncho pepala limene mneneri akulikweza m'mwamba ndi umboni wakuti mankhwala agwira ntchito. Ndi mankhwala omwewo amene akuuza munthu kuti awataye.

Nanga kachilomboko kali kuti? HIV ikalowa m'selo ya CD4, imodzi mwa maselo oteteza thupi ku matenda, imalumikiza chibadwa chake ku chibadwa cha seloyo. Maselo ena otere amagona tulo, sapanga tizilombo tatsopano, ndipo mankhwala alibe powagwira chifukwa ma ARV amangotchinga kachilombo kamene kakuswana. Maselowa amakhala m'mwanabere, m'matumbo ndi malo ena amene singano yotengera magazi sifikako. Asayansi anatsimikiza zimenezi mu 1997, ndipo atayeza mmene maselowa amatheramo anapeza kuti pamatenga pafupifupi miyezi 44 kuti achepe ndi theka lokha. Kuti atheretu pangafunike zaka zoposa 60 za kumwa mankhwala osadumphitsa. Zili ngati munda wolimidwa bwino: udzu sukuoneka, koma njere zake zili m'nthaka kudikira mvula. Mukaleka mankhwala, mwa anthu ambiri kachilombo kamayambanso kuoneka m'magazi pakangotha milungu iwiri mpaka inayi.

Wina anena kuti pepala lake silinali la viral load, anayezetsa ndi kachipangizo kaja ka mzere umodzi kapena iwiri, ndipo panatuluka mzere umodzi. Izinso timazidziwa. Kachipangizoko sikafufuza kachilombo, kamafufuza zizindikiro zimene thupi limapanga polimbana nako. Munthu akakhala zaka zambiri pa mankhwala, makamaka ngati anayamba msanga, zizindikirozi zimatha kuchepa mpaka mzere wachiwiri kuzilala kapena kusatuluka n'komwe, ndipo zimachitika kwambiri ndi kachipangizo kopaka ku nkhama. N'chifukwa chake bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena mosabisa kuti munthu amene ali pa ma ARV asamagwiritse ntchito zipangizo zodziyezera yekha. Amene amauza odwala kuti "pitani kuchipatala china kumene sakudziwani mukayezetse, musanene kuti mumamwa mankhwala" akudziwa bwino chimene akuchita, kapena sakudziwa kalikonse. Zonse ziwiri zimapha.

Nkhani imene imandisowetsabe mtendere ndi ya ku Gambia, chifukwa kumeneko wochiritsayo anali mtsogoleri wa dziko. Mu Januwale 2007 Yahya Jammeh analengeza kuti angathe kuchiza Edzi ndi zitsamba ndi mapemphero. Odwala anawasonkhanitsa, anawalamula kusiya ma ARV, ankawapaka ndi kuwamwetsa zosakaniza zake zimene sanaulule kuti munali chiyani. Zonsezi zinkaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya boma, nkhope za odwalawo zili poyera, abale ndi anansi akuonera. Magazi awo anatumizidwa ku labotale za kunja, ndipo pamene zotsatira za ena zinasonyeza tizilombo tochepa kapena tosaoneka, boma linalengeza kuti achira. Kawerengedwe kolakwika komwe kaja, koma tsopano kali ndi asilikali kumbuyo kwake. Woimira United Nations m'dzikomo, Fadzai Gwaradzimba, atanena kuti zimenezi zingaike anthu pachiswe, anamuthamangitsa mu Febuluwale chaka chomwecho. Odwala ena anamwalira. Jammeh anachoka pampando mu 2017 n'kuthawira ku Equatorial Guinea, ndipo mu 2018 atatu mwa opulumuka anamusumira ku khoti ku Banjul. Chimene chimandipweteka n'chakuti panali madokotala ndi anamwino amene anaima pambali pake atavala zoyera. Kanema wa masiku oyambirira anaoneka bwino kwambiri. Odwala anali kumwetulira, chifukwa munthu amene wasiya mankhwala lero sadwala mawa.

Apa ndi pamene pagona mphamvu ya makanema a umboni amene mumatumizirana pa WhatsApp ndi TikTok. Thupi limene chitetezo chake chinakwera ndi mankhwala limatha kupirira miyezi ingapo, ena chaka kapena kupitirira, CD4 ikutsika mwakachetechete. Kanema amajambulidwa mlungu woyamba. Palibe amene amabwerera ndi foni patapita miyezi 18 kukajambula munthu yemweyo ali chigonere, ndipo akamwalira banja limati anali malungo kapena anamulodza. Facebook ndi TikTok zimakankhira patsogolo kanema amene anthu akumuonera mpaka kumapeto ndi kumugawa, sizifunsa ngati wochitira umboniyo akali moyo. Tsopano kwabweranso makanema opangidwa ndi AI, nkhope ndi mawu a dokotala kapena wowerenga nkhani wodziwika akutsatsa botolo limene mwini nkhopeyo sanalionepo. Kanema aliyense wothera pa nambala ya foni yotumizira ndalama ndi malonda, kaya wayamba ndi pemphero kapena ndi chovala choyera.

Kuyesa kupumira mankhwala kunachitika kale, mwadongosolo, madokotala akuyang'anira. Kafukufuku wa SMART anali ndi anthu oposa 5,000 m'maiko 33. Ena ankamwa mosalekeza, ena ankapumira CD4 ikakwera n'kuyambiranso ikatsika. Anamuimitsa mu Januwale 2006 nthawi yake isanakwane chifukwa opumirawo ankadwala kwambiri ndi kumwalira kuposa anzawo kawiri ndi theka. Ndipo amenewo anali ndi dokotala wowayeza pafupipafupi. Kulinso mwana wa ku Mississippi ku America, wobadwa ndi kachilombo mu 2010, amene anayamba mankhwala ali ndi maola 30 okha. Mankhwala analekeka ali ndi miyezi pafupifupi 18, kachilombo sikanaoneke kwa miyezi 27, dziko lonse linayamba kunena kuti wachira. Mu 2014 kanabwerera. Ochira enieni alipo, owerengeka, kuyambira ndi Timothy Ray Brown wa ku America, amene anachirira ku Berlin. Iwowa anali ndi khansa ya m'magazi, maselo awo a m'mafupa anaphedwa ndi mankhwala amphamvu n'kuikidwa a munthu wina, kawirikawiri wobadwa wopanda khomo la CCR5 limene kachilombo kamalowera. Njira imeneyi payokha imatha kupha, ndipo palibe dokotala angaichite kwa munthu amene piritsi limodzi patsiku likumusunga bwino.

Sindikulimbana ndi pemphero. Zipatala zambiri zopereka ma ARV mu Africa muno n'za mipingo, ndipo abusa ndi mashehe ambiri amakumbutsa anthu awo tsiku lokatenga mankhwala. Ngakhale mu Luka 17, akhate khumi aja anatumidwa kukadzionetsa kwa ansembe, amene pa nthawiyo ndiwo anali ndi udindo wopima khate. Mtumiki amene akukhulupirira kuti wachiritsa munthu saopa chipatala. Amene amati kumwa mankhwala n'kusowa chikhulupiriro waika msampha wosathawika: wodwala akafooka amauzidwa kuti chikhulupiriro chake n'chimene chinachepa, ndiye amachita manyazi kubwerera kwa ife, amachedwa miyezi ina itatu. Maboma ambiri ali ndi malamulo oletsa kulengeza machiritso abodza, koma wandale amene akufuna mavoti a mpingo waukulu sathamangira kuwagwiritsa ntchito. South Africa inaona mtengo wa boma lokayikira mankhwala m'nthawi ya pulezidenti Thabo Mbeki: ofufuza a ku yunivesite ya Harvard anawerengera mu 2008 kuti kuchedwetsa ma ARV kunatayitsa miyoyo yoposa 330,000.

Kuchedwako ndiye kumatipha. CD4 ikatsika pansi pa 200, chifuwa chachikulu ndi matenda oumitsa khosi a cryptococcus zimalowa. Mutu wopweteka masiku angapo osamva panado, kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri, khosi louma, kusokonekera maganizo: wodwala wotere akufunika kuchipatala tsiku lomwelo, osati akamaliza masiku osala kudya. Chifuwa, kutuluka thukuta usiku ndi kuonda n'chimodzimodzi. Pali ngozi ina imene ambiri saidziwa. Tenofovir ndi lamivudine zimapondanso kachilombo ka hepatitis B, kamene kamagwira chiwindi, ndipo munthu amene ali nako akaleka mwadzidzidzi chiwindi chimatha kutupa koopsa pakapita milungu kapena miyezi yochepa, maso n'kuchita chikasu. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa akaleka, akuika mwana pangozi imene popanda mankhwala imafika pakati pa 15 ndi 45 pa 100 alionse. Mwamuna kapena mkazi wanu, amene munali kumuteteza pamene viral load inali pansi pa 200, sakutetezedwanso, ndipo mwina simunamuuze kuti munaleka. Ngati mwagona naye popanda kondomu, ali ndi maola 72 okha kuti ayambe PEP, mankhwala oteteza kuti asatenge kachilombo, omwe amamwa masiku 28.

Ena saleka kwenikweni, amamwa mwa apo ndi apo, kapena amagawa piritsi pakati. Izi zinachuluka pamene boma la America linaimitsa thandizo la kunja mu Januwale 2025 ndipo anthu anaopa kuti mankhwala a PEPFAR, ndondomeko ya America yolimbana ndi Edzi, atha. Mantha ake ndi omveka, koma mankhwala ochepa m'magazi ndiwo amaphunzitsa kachilombo kupima, osamvanso mankhwala. Dolutegravir ndi wolimba kuposa ARV wakale wa efavirenz, amene kusintha kumodzi kokha kwa kachilombo kunkamugwetsa, komabe si mwala. Samalaninso ndi zomwe mumameza limodzi naye. Mapiritsi a ayironi, a calcium ndi a kutentha pamtima amamata dolutegravir m'mimba kuti asalowe m'magazi. Imwani TLD maola awiri musanamwe zimenezo, kapena maola asanu ndi limodzi mutamwa. Makala ndi dothi zimene amagulitsa pa intaneti kuti "zimatsuka thupi" zimayamwa mankhwala, ndipo chitsamba cha St John's wort chimafulumizitsa chiwindi kuwachotsa. Za kusala kudya, TLD imamweka ndi madzi okha, kamodzi patsiku, ndipo ola lake mungalisunthire usiku mutagwirizana ndi namwino. Jakisoni wa lenacapavir amene wamveka kwambiri, wobayidwa kawiri pachaka, analoledwa ku America mu Juni 2025 kuti ateteze anthu amene alibe kachilombo. Si katemera, sachiritsa, ndipo salowa m'malo mwa botolo lanu.

Ngati munaleka kale, bwererani mlungu uno. Musangoyambiranso nokha ndi mapiritsi otsala ngati mutu ukupweteka kapena mukutsokomola, chifukwa chitetezo chikadzuka mwadzidzidzi n'kupeza matenda obisika mu ubongo, kutupa kwake kumatha kupha. Ndiye timayamba tayeza CD4. Ikakhala yotsika timayeza magazi kufufuza cryptococcus ndi mkodzo kufufuza TB, ndipo tikapeza matenda oumitsa khosi timayamba kuchiza amenewo n'kudikira milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi tisanabwezere ma ARV. Ambiri amene alibe zizindikiro amayambiranso tsiku lomwelo, pamodzi ndi Bactrim, ndipo viral load timaiyezanso pakapita miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Mwina namwino wina adzakukalipirani, ndipo kumeneko n'kulakwa kwathu ife achipatala, koma musabwerere pakhomo chifukwa cha zimenezo. Muuzeni mwezi weniweni umene munalekera, ngati munkadumphitsa musanaleke, ndi ngati muli ndi pakati. Tengani botolo kapena paketi ya chilichonse chimene mwakhala mukumwa m'malo mwake, ngakhale chilibe dzina, chifukwa chimatithandiza kudziwa ngati tiyambe tayeza impso ndi chiwindi tisanakupatseni tenofovir.