Mwana ndi wa yani? Gwero la mkangano wa lobola ndi chikamwini mu Mzuzu

Maliro a m'banja la mitundu iwiri mu Mzuzu kawirikawiri amachedwa kunyamuka, ndipo chochedwetsa sichikhala bokosi kapena galimoto. Akuchimuna ochokera ku Euthini kapena ku Embangweni amati mkazi tinalowola, akagona kwathu, ana ndi athu. Akuchikazi ochokera ku Dowa kapena ku Mulanje amati mbumba ndi yathu, mwana wathu akagone pafupi ndi mayi ake. Mbali iliyonse imaona inzake ngati yosowa umunthu, chonsecho onse akuchita zimene analeredwa nazo kuti ndiye khalidwe labwino.

Nkhaniyi inayamba Mzuzu asanabadwe. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835, ndipo cha m'ma 1850 gulu la mwana wake M'mbelwa linakhazikika m'dziko la Atumbuka. Chingoni chinazimirira pang'onopang'ono, ana n'kutengera Chitumbuka cha amayi awo, koma mwambo wa ukwati unazika mizu. Ng'ombe zimapita kwa makolo a mkazi, mkazi amasamukira kumudzi kwa mwamuna, ana amatenga chiwongo cha bambo ndipo munda amaupeza kumeneko.

Anthu a kunja kwa mwambowu amakonda kunena kuti lobola ndi kugula mkazi. Eni ake sankaona choncho. Ng'ombe zikalandiridwa, banja la mwamuna linkasenza udindo wonse. Bambo akamwalira, abale ake ankayenera kulera ana, kuwadyetsa, kuwapatsa malo, ndipo mayi wamasiye sankathamangitsidwa pamudzi. Munthu wa makhalidwe anali amene walera ana a mbale wake ngati ake. Komatu mwambowu unali ndi bala lake. Ng'ombe zolowolera mtsikana nthawi zambiri zinkapita kukalowolera mkazi wa mlongo wake, ndiye ukwati ukavuta panalibe chobweza. Mkazi wothawa nkhanza ankabwezedwa ndi makolo ake omwe, akumuuza kuti apirire. Kupirira kunasanduka ulemu wa mkazi chifukwa cha ngongole ya ng'ombe, ndipo zimenezi sitiyenera kuzipaka mafuta.

Kwa Achewa, Ayao, Alomwe ndi Amang'anja ambiri, mzere umayenda kuchikazi. Mwamuna amakamanga kwa mkazi ngati mkamwini, munda ndi wa mbumba ya mkaziyo, ndipo mwinimbumba ndi malume. Mwana akapalamula, amene amakaima pabwalo la amfumu ndi malume. Kumeneko mwamuna woyamikiridwa ndi amene waphunzitsa ana a mlongo wake, ndipo ukwati ukatha mkamwini amatuluka ndi zovala zake, ana n'kutsala. Ngakhale pa chitengwa, pamene mkazi watengedwa kukakhala kwa mwamuna, ana amawerengedwabe kuchikazi.

Amishoni a Livingstonia, amene anasamukira ku Bandawe mu 1881 kenako ku Khondowe mu 1894 motsogozedwa ndi Robert Laws, analimbana kwambiri ndi mitala ndi mowa, koma lobola sanaithetse. Mpaka lero ukwati wa m'tchalitchi kumpoto umadza zokambirana za lobola zitachitika, ndipo kwa mabanja ambiri chikhristu ndi lobola zimaoneka ngati chinthu chimodzi.

Miyambo iwiriyi inkakhala mwamtendere pamene inali kutalikirana. Mzuzu ndiye anaisonkhanitsa. Tauniyi inakula mozungulira esiteti ya mitengo ya tung imene inatsegulidwa mu 1947, inakhala mzinda mu 1985, ndipo maofesi a boma, asilikali a ku Moyale, yunivesite yomwe inatsegulidwa mu 1999 ndi chipatala chachikulu cha mu 2000 zinakoka anthu a m'zigawo zonse. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000. Achinyamata amakumana ku Chibavi, ku Zolozolo kapena ku Luwinga, n'kumanga banja m'nyumba ya lendi kapena pa puloti yogula. Malo amenewo si a mbumba ya mkazi, komanso si mudzi wa bambo a mwamuna. Palibe mwambo mwa iwiriyi umene unakonzekera zimenezi.

Taonani mmene zimasokonekera. Mnyamata wa ku Mzimba akakwatira mtsikana wa ku Lilongwe, amatumiza thenga, mkhalapakati wa zokambirana za ukwati, ndi ndalama. Akuchikazi amalandira poganiza kuti ndi mphatso yothokoza makolo, n'kuchita chinkhoswe monga mwa masiku onse, kusinthana tambala ndi msoti. Akuchimuna amabwerera kwawo akudziwa kuti alowola. Palibe amene wanama, koma ana obadwa pamenepo ali ndi eni awiri, ndipo zimaululika tsiku la maliro kapena la kutha kwa ukwati.

Zikatembenuka ndiye zimapweteka kwambiri. Mnyamata wa ku Dedza akatenga mtsikana wa ku Rumphi osalowola, abale ake amati ana ndi a kuchikazi, monga mwa kwathu. Kwa mtsikanayo amati mwana wa mwana wamkazi kwawo ndi kwa bambo ake, munda kuno ndi wa ana a amuna. Bambo akangomwalira, anawo amakhala alendo mbali zonse ziwiri, ndipo fizi imagwera mayi yekha.

Palinso lobola yosatha. Tiyerekeze anagwirizana ng'ombe 4, mwamuna n'kupereka mtengo wa 2, zotsalazo n'kumazengereza zaka. Mkazi akamwalira, abale ake amatha kukana kuti mtembo uikidwe mpaka ngongole ithe. Wochokera kummwera amaona ngati kuchita malonda ndi mtembo. Eni ake amaona kuti mwamunayo ndiye anawanyoza zaka zonsezo, ndipo tsiku limeneli ndi lomaliza loti mwamunayo angawamvere.

Boma linayamba ndi kungotsatira miyambo. Lamulo la chuma cha masiye la 1967 linkati mwamuna akamwalira osasiya wilo, pa ukwati wa lobola mkazi ndi ana alandire theka, pamene pa ukwati wa kuchikazi alandire magawo 2 mwa 5, zotsalazo zipite kwa olowa chuma mwa mwambo. Apa ndi pamene kulanda katundu kunapezera pobisalira: achibale amene sanaikepo njerwa ankabwera kudzatenga nyumba, akutchula mwambo koma osatenga udindo wolera ana umene mwambowo umalamula. Lamulo la 2011 linasintha zimenezi. Chuma chimapita kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, ana ndi amene ankadalira malemu, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu wopita nawo kundende. Pa nkhani ya amene asunge ana, khoti limayang'ana ubwino wa mwanayo, osati chiwerengero cha ng'ombe.

Koma mabanja ambiri safika kukhoti. Amakambirana pa siwa, mitima ili yowawa. N'chifukwa chake ntchito yeniyeni ili pa chinkhoswe. Thenga ndi ankhoswe akhale pansi limodzi, anene poyera ngati ndalama ikuperekedwayo ndi lobola kapena mphatso. Ngati ndi lobola, alembe ng'ombe zingati, mtengo wa ng'ombe imodzi, zaperekedwa zingati ndi tsiku lomalizira zotsala, mbali zonse zisaine ndipo iliyonse isunge pepala lake. Akambirane kumene aliyense adzagone akadzamwalira, ngakhale akuluakulu ena amati kutero ndi kuitana imfa. Puloti ilembedwe m'maina a onse awiri ngati anagula limodzi, ndipo wilo isainidwe pamaso pa mboni ziwiri zosalandira nawo chumacho, itchule dzina la munthu amene adzalere ana.