Chinde: khomo lakale la Nyasaland

Nkhani ya doko la Nsanje ikabuka, dzina la Chinde limangotchulidwa modutsa, ngati pothera Zambezi basi. Chiyambire Okutobala 2010, pamene Bingu wa Mutharika anatsegulira dokolo koma bwato la feteleza limene khamu linkadikira litagwidwa ku Mozambique, ambiri timaiona Chinde ngati khomo limene anansi anatitsekera. Komatu amene anayamba kuifulatira tauni yaing'onoyi, ya m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, ndi a mbali yathu ino.

Kale wopita ku Shire ankatsikira ku Quelimane, n'kukwera ngalawa mumtsinje wa Kwakwa, kenaka amtengatenga n'kusenza katundu mpaka pa Zambezi. Mu 1889 Daniel Rankin analengeza kuti sitima ingathe kulowa mu Zambezi kudzera pa Chinde. Mabuku a azungu amati iye ndiye anatulukira njirayi. Ine zimandivuta kuvomereza, poti asodzi a m'deralo sanadikire mzungu kuti adziwe kumene mtsinje wawo umathira.

Pangano la Britain ndi Portugal la 1891 litasainidwa, Angerezi anabwereka kachigawo ka mchenga pa Chinde kwa zaka 99, poti katundu wa Nyasaland azitsitsidwa osalipira msonkho kwa Apwitikizi. Sitima za kampani ya African Lakes, zija zopalasa ndi gudumu lakumbuyo, zinkanyamuka apa zitalonga nkhuni, ulendo wa ku Chiromo. Amishoni, nsalu, makalata, khofi ndi fodya wathu woyamba, zonse zinkadzera pamenepa. John Buchanan, mmodzi wa azungu oyamba kulima khofi ndi fodya ku Nyasaland, anamwalirira pa Chinde pomwepa mu 1896.

Chaka chimene chinasintha zonse ndi 1922. Nyanja inali itayamba kale kunyenya mchenga wa Angerezi uja, chaka ndi chaka malo akuchepa. Nawo Shire ankaphwa m'chilimwe, sitima n'kumatitimira pamchenga, mpaka njanji ya ku Nyasaland inachita kutsika kukafika ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi. Ndiye mu Febuluwale 1922 namondwe anaomba Chinde, kusasula nyumba ndi kumiza sitima padoko. Chaka chomwecho njanji ya Trans-Zambezia yochokera ku Beira inafika kutsidya la kumwera kwa Zambezi. Olemba ena amaloza chala namondweyo. Ena amati njanji ndiyo inapha dokoli, ndipo ine ndili nawo: nyumba zikanamangidwanso katundu akanapitiriza kubwera, koma katunduyo anali atapeza kale njira ya ku Beira. Mu 1923 pangano lobwereka malo linathetsedwa, patangotha zaka pafupifupi 30 mwa 99 zija. Mlatho wa njanji wa Dona Ana, woolotsa Zambezi, utatsegulidwa mu 1935, wa ku Blantyre sanafunenso kumva za Chinde.

Anthu ake anatsala. Dokolo linapitiriza kutumiza kokonati wouma ndi shuga wa Sena Sugar Estates wochokera ku Luabo ndi Marromeu, ndipo mu 1980 munali anthu pafupifupi 16,500. Kenaka nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inaimitsa mafakitale a shuga aja. Lero ambiri kumeneko amadalira usodzi ndi minda ya mpunga, ndipo ulendo wopita ku Quelimane, likulu la chigawo chawo, umayambira pa bwato.