Machanelo Ambiri pa Mikisa Si Amene Amakometsa Mawu

Ndatopa kumva zomwezomwezo chaka ndi chaka: akuti mikisa (makina osakanizira mawu) yabwino ndi ya machanelo ambiri, ndiyo imatulutsa mawu omveka bwino. Si zoona.

Chanelo ndi polowera mawu basi. Mawu amakoma chifukwa cha maikolofoni, preamp (kachipangizo kokulitsa mawu ochokera ku maikolofoni) ya m'kati mwa mikisa, ndi mmene mwakhazikitsira gain (mlingo wa kakulitsidwe ka mawu olowa). Kanyali kofiira kochenjeza kuti gain yakwera kwambiri kakayamba kuphethira, mawu amatha kusweka ngakhale mikisayo ikhale yodula chotani.

Nambala ya pabokosi nayonso imasocheretsa. Mikisa yolembedwa kuti ili ndi machanelo 12 nthawi zambiri imakhala ndi mabowo a XLR (olumikizira maikolofoni) anayi kapena asanu ndi limodzi okha, chifukwa polowera stereo (mawu a kumanzere ndi kumanja) amawerenga ngati awiri. Werengani nokha mabowowo ndi chala. Ngati muli ndi maikolofoni ya condenser (mtundu wofuna magetsi kuti ugwire ntchito), onani ngati pali batani la 48V lopereka magetsiwo. Mukafuna kujambula kunyumba, tsegulani kabuku kake: mamikisa otchipa ambiri amatumiza ku kompyuta kudzera pa USB mawu osakanizidwa kale, osati chanelo chilichonse pachokha.

Musanauze mnzanu kuti agule yaikulu, lumikizani maikolofoni imodzi, valani mahedifoni, mumvetsere ngati ikuchita phokoso la shii mukakweza gain. Zimene simunayese nokha musazifalitse.