Kugonetsa mwana pa opaleshoni ya laser m'kholingo

Pa opaleshoni ya m'kholingo, dokotala wochita opaleshoni ndi dokotala wogonetsa amagwira ntchito pa kanjira kamodzi, komwe mwana amapumira. Wina akufuna kuona bwino malo odwalawo popanda chomutchinga, mnzake akufuna mpweya uzilowa ndi kutuluka osalekeza. Pakafika laser, kuwala kwamphamvu kodulira minofu, vuto limakula, chifukwa okosijeni amene akusunga moyo wa mwanayo ndi yemwenso amakoleza moto.

Ana ambiri amabwera chifukwa cha tinjerewere tomera pa timinofu totulutsa mawu, toyamba ndi kachilombo ka HPV mtundu 6 ndi 11. Mwana amasasa mawu, kenako kupuma kumayamba kulira ngati kherere. Tinjerewereti timameranso tikachotsedwa, motero ena amagonetsedwa kangapo pachaka. Ena amabwera chifukwa njira yapansi pa timinofuto inapanikizika, kapena minofu yapamwamba pa kholingo ndi yofewa moti imagwera mkati akamakoka mpweya. Laser ya CO2, imene madokotala Strong ndi Jako analemba za ntchito yake m'kholingo mu 1972 ku Boston, imatentha madzi a m'minofu n'kudula mosataya magazi ambiri.

Kholingo la khanda ndi lopapatiza, pafupifupi mamilimita 4. Likatupa milimita imodzi yokha kuzungulira, potsala ndi mamilimita 2, ndipo mpweya umavuta kudutsa kuwirikiza ka 16. Khanda limagwiritsanso ntchito okosijeni mwachangu, mamililita 6 mpaka 8 pa kilogalamu iliyonse pamphindi, pamene wamkulu ndi 3 mpaka 4. Likasiya kupuma, nambala ya okosijeni wa m'magazi pa kachipangizo kopanidwa pachala imatsika m'masekondi ochepa.

Nanga bwanji osangowonjezera okosijeni? Moto umafuna zitatu: choyatsa, choyaka ndi mpweya woukoleza. Choyatsa ndi laser. Choyaka ndi chubu cha pulasitiki chopumira, thonje louma kapena minofu yopserera. Chubu wamba chikagwira moto muli okosijeni wambiri chimalavula lawi lolunjika m'mapapo. N'chifukwa chake laser isanayatsidwe, okosijeni amatsitsidwa kufika pa 30 peresenti kapena kucheperapo, ndipo amadikira kaye kuti wochulukayo atuluke m'njiramo. Mpweya wogonetsera wa nitrous oxide suloledwa konse, poti nawonso umakoleza moto.

Njira imene madokotala ambiri a ana amaikonda ndi yosaika chubu. Mwana amagona tulo tofa nato koma akupuma yekha. Mankhwala ogonetsa a propofol ndi oletsa ululu a remifentanil amalowa pang'onopang'ono ndi pampu kudzera mumtsempha, ndipo pa timinofu ta mawu amapoperapo lidocaine, mankhwala ochititsa dzanzi, osapitirira pafupifupi mamiligalamu 4 pa kilogalamu. Luso lagona pa mlingo. Mankhwala akachepa, mwana amakhosomola kapena kholingo limangoti tseke chitsulo chikalikhudza. Akachuluka, amasiya kupuma. Wogonetsa amayang'anitsitsa kamimba kakukwera ndi kutsika, nthawi zina dzanja lili pomwepo, chifukwa popanda chubu makina sawerenga bwino mpweya wotuluka.

Njira ina ndi yopumitsa modukiza: amaika chubu, n'kudzaza mapapo, n'kuchichotsa, wa opaleshoni n'kugwira ntchito mphindi imodzi kapena ziwiri, chubu n'kubwereranso. Kwa khanda mpatawo ndi waufupi kwambiri. Palinso yowombera mpweya mwamphamvu kudzera pa kapaipi kakang'ono. Imasiya malo poyera, koma ngati mpweya ukulowa osapeza potulukira, mapapo amatha kuphulika, komanso imatha kukankhira magazi ndi tizidutswa ta njerewere pansi. Machubu osagwira moto msanga alipo, ndipo kabaluni kake kotseka mpata m'mbali mwa chubu amakadzaza madzi amchere othira utoto wa buluu kuti kakabowoka zionekere pomwepo. Kungoti khungu lake ndi lochindikala, motero mwa mwana wamng'ono amaphimba malo omwe akufunika kuonekawo.

Moto ukabuka, aliyense amadziwiratu chake. Chubu chimazulidwa, mpweya wonse umatsekedwa nthawi yomweyo, madzi amchere amathiridwa m'njiramo (sirinji yodzaza imakhala pafupi kuyambira pachiyambi), zopserera zimachotsedwa. Akatero amapumitsa mwana ndi chophimba kumaso, n'kulowetsa kamera kuona pamene papsa. Maso a mwana amatsekedwa ndi nsalu zonyowa, nkhope imakutidwanso ndi zonyowa, ogwira ntchito amavala magalasi oyenera mtundu wa laser imeneyo. Utsi umayamwidwa ndi makina, chifukwa umatha kunyamula tizidutswa ta kachilombo.

Mbali ya makolo ndi yaying'ono koma yolemera. Chakudya ndi mkaka wa m'chitini zimalekezedwa maola 6 opaleshoni isanayambe, bere maola 4, madzi oyera ola limodzi kapena awiri malinga ndi lamulo la chipatalacho. Ngati mwana ali ndi chimfine, chifuwa kapena kutentha thupi, nenani. Kholingo lokwiya kale limatsekeka msanga, ndipo ngati kupuma sikunafike poopsa, kusuntha tsiku n'kwabwino kuposa kukakamiza.

Kutupa sikufika pachimake pomwepo, kumatha kukula patapita maola. Pofuna kukuchepetsa, mwana amapatsidwa mankhwala a dexamethasone ali chigonere, ndipo kupuma kukayamba kulira atadzuka amamukoketsa nthunzi ya adrenaline. Mphamvu ya nthunziyi imatha pakadutsa maola awiri kapena kuposerapo pang'ono, choncho mwana amene wailandira sapita kunyumba msanga ngakhale aoneke bwino. Asamwe kanthu kwa ola limodzi kapena awiri chipoperereni lidocaine, chifukwa pakhosi pochita dzanzi satha kuteteza mapapo akatsamwa. Kunyumba, mukaona pakhosi kapena pakati pa nthiti pakulowa mkati pokoka mpweya, kulira kwa mpweya kukukula mwana ali phee, kapena milomo ikusintha mtundu, thamangirani naye kuchipatala ngakhale pakati pa usiku.