Kungofika ku Granada sikupeza anzako a ku Spain

Ndatopa nazo zoti wophunzira wa ku America akangofika ku Granada, mzinda wa ku Spain, mawa lake ali kale ndi anzake a ku Spain, Chisipanishi chikungotuluka chokha. Zakhala zikunenedwa kwa zaka zambiri, koma sizili choncho.

Ambiri amapitako semesita imodzi yokha, miyezi 4 kapena 5, ndipo nthawi zambiri m'kalasi amakhala ndi anzawo a ku America kapena alendo ena. Ophunzira a komweko ali kale ndi magulu awo a kuyambira ubwana, ena amagonabe kwa makolo. Loweruka likamafika, mlendo uja wakwera kale ndege ya ku Paris kapena ku Rome. Acheza nawo liti? Mukalowa mu bala cha m'ma 10 koloko usiku, muja amakupatsani kambale ka tizakudya totchedwa tapas mukagula chakumwa, mudzampeza pa tebulo pomwe pakumveka Chingelezi chokhachokha.

Amene amapezadi anzawo kawirikawiri ndi okhala ndi banja la komweko, kapena olowa m'magulu ophunzitsana zilankhulo.

Musamafalitse zomwe simunatsimikize. Onani ndondomeko ya maphunzirowo: amaphunzitsa m'chilankhulo chanji, m'kalasi muli ndani, ophunzira amagona kuti? Funsaninso amene anabwerako kuti Loweruka ankakhala ndi yani.