Lamulo la Keating-Owen la 1916: mafunso ndi mayankho pa nkhani yolemba ana ntchito ku America

Kodi lamuloli linabwera chifukwa chiyani?

Kalembera wa mu 1900 anapeza kuti ana pafupifupi 1.75 miliyoni a zaka 10 mpaka 15 anali pa ntchito. Ena ankayang'anira makina m'mafakitale a nsalu, ena ankatola miyala m'malasha ku Pennsylvania. Lewis Hine, wojambula wa bungwe la National Child Labor Committee, ankalowa m'mafakitale mozemba n'kujambula anawo, ndipo zithunzi zake zinawawitsa mitima ya anthu ambiri. Aphungu Edward Keating wa ku Colorado ndi Robert Owen wa ku Oklahoma ndi amene anakankha bilu ya lamuloli ku Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse la America, Pulezidenti Woodrow Wilson n'kuisaina mu 1916.

Ndiye kuti linaletseratu kulemba ana ntchito?

Ayi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Zoyendetsa ntchito m'mafakitale zinkaonedwa kuti ndi za maboma a zigawo, pamene Congress inali ndi mphamvu pa malonda odutsa malire a zigawozo. Aphungu anangodzera komweko. Katundu sankaloledwa kupita ku chigawo china ngati wachokera ku fakitale yolemba ana osakwana zaka 14, kapena ku mgodi wolemba ana osakwana zaka 16. Chimodzimodzinso ngati mwana wa zaka 14 kapena 15 wagwira ntchito usiku, kupyola maola 8 patsiku, kapena kupyola masiku 6 pa sabata.

Nanga ana a m'minda?

Lamuloli silinawakhudze n'komwe, chonsecho ambiri mwa ana ogwira ntchito anali kumeneko.

Linakhala nthawi yaitali bwanji?

Miyezi 9 yokha. Linayamba kugwira ntchito mu September 1917, koma Roland Dagenhart, bambo wa ku Charlotte ku North Carolina amene ana ake awiri ankagwira ntchito pa fakitale ya thonje, anakasuma. Musadabwe kuti wosuma anali kholo: mabanja osauka ankadalira kandalama ka ana. Mu June 1918 Khothi Lalikulu linagamula, oweruza 5 kwa 4, kuti Congress yalowerera za zigawo. Woweruza Oliver Wendell Holmes anali m'gulu la otsutsa chigamulocho.

Zinathera pomwepo?

Congress inayesanso mu 1919 poika msonkho wa 10 peresenti pa phindu la makampani olemba ana ntchito, khothi n'kuukananso mu 1922. Chitetezo chokhalitsa chinadza ndi lamulo la zantchito la Fair Labor Standards Act la 1938, ndipo mu 1941, pa mlandu wa Darby, khothi lomwelo linafafaniza chigamulo chake cha 1918.