Bala la mwana: kuchiza kokha sikukwanira

Uthenga wa zaumoyo kwa madokotala, anamwino, alangizi a zaumoyo ndi makolo m'boma la Salima

Ana ambiri ochitiridwa nkhanza amafika ndithu kuchipatala. Wina amabwera atapsa dzanja, wina atathyoka mkono, wina akutaya magazi, wina atangonyentchera. Bala limatsukidwa, mankhwala amaperekedwa, m'kabuku mumalembedwa kuti "wapsa" kapena "wagwa", mwana n'kubwerera kunyumba komwe kuja ndi munthu yemwe uja. Kuchiza timakudziwa. Chimene chikutivuta ife a zaumoyo ndi kufunsa momwe balalo labwerera, ndi kukanena tikaona kuti nkhani yake siikumveka.

Kafukufuku amene boma la Malawi linachita m'dziko lonse mu 2013 mothandizidwa ndi UNICEF anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa 5 alionse ndi mnyamata mmodzi mwa 7 alionse anachitiridwapo nkhanza zogonana asanakwanitse zaka 18. Atsikana 2 mwa 5 ndi anyamata pafupifupi 2 mwa 3 anachitiridwapo nkhanza zomenyedwa. Mwa ochitiridwa nkhanza zogonanawo, amene analandira thandizo kwa odziwa ntchito sanakwane ngakhale mmodzi mwa 10. Ana amenewa sali kutali, ndi omwewa timawaona kusikelo ndi pamzere wa odwala malungo.

Zimatiphonya bwanji?

Pachipatala chaching'ono dokotala amakhala mmodzi, mzere wafika kunja, ndipo mwana aliyense amapatsidwa mphindi zochepa. Amene amayankha mafunso ndi womuperekeza, mwana ali phee, maso pansi. Ngati wabwera ndi kutentha thupi amabayidwa chala, malungo apezeka, basi, malaya osavulidwa n'komwe. Mikwingwirima ya kumsana imalowa m'chipinda n'kutulukamo osaonedwa.

Palinso mantha, ndipo tisawabise. Namwino amachita lendi m'mudzi momwemo, nsomba amagula kwa amalume ake a mwanayo, Lamulungu amakhala nawo tchalitchi chimodzi, kapena Lachisanu mzikiti umodzi. Wina amaopa kuitanidwa kukhoti kukachitira umboni. Wina amati ndi za m'banja, akakambirana okha. Koma chifukwa chimene chimamveka kwambiri ndi chakuti, "Nanga ndikanena, n'kupezeka kuti mwana anagwadi?" Yankho lake lili m'lamulo, tilipeza m'munsimu.

Bala ndi nkhani yake zigwirizane

Funso loyamba ndi ili: kodi zimene akufotokozazi zingabweretse bala lotere, pa mwana wa msinkhu uwu? Mwana wothamanga amavulala m'mawondo, m'zigongono, pachipumi ndi pamsongolo. Kufufuma kwa m'makutu, m'khosi, pamimba, kumsana, m'matako ndi m'kati mwa ntchafu n'kosowa pa masewera. Khanda limene silinayambe kukwawa silidzivulaza lokha, choncho kufufuma kulikonse pa khanda lotere, ngakhale kwakung'ono, kufufuzidwe. Chimodzimodzi fupa lothyoka pa mwana amene sanayambe kuyenda.

Mabala a moto amafuna diso lachidwi. Mwana akadzikhuthulira phala kapena madzi a pambaula, kupsa kwake kumakhala kwa apo ndi apo, kumatsata momwe madziwo anayenderera, kuchokera pachifuwa kutsika m'munsi. Dzanja loviikidwa dala m'madzi owira limapsa lonse mofanana, n'kulekeza pamzere woongoka pamkono. Manja onse awiri akapsa m'zikhato, kapena pakakhala madontho akuya a pulasitiki wosungunuka, ganizani za chilango. Tonse tazimvapo: mwana waba ndiwo, watenga ndalama ya mayi ake, amuotcha manja kuti aleke. Kumeneko si kulanga, ndi kulumaza, pakuti zala zikachira zimamatana, mwana osagwiranso bwino pensulo kapena khasu moyo wake wonse.

Zina zimadzionetsa zokha: mizere ya chikwapu, chizindikiro cha lamba kapena waya wopinda, malo a mano a munthu wamkulu, zipsera zakale pambali pa mabala atsopano. Khanda logwedezedwa mwaukali chifukwa cholira limatha kubwera likusanza, likukomoka, liwombo litatupa, koma kunja kulibe bala ngakhale limodzi. Samalaninso nkhani ikamasintha, kwa namwino anena china, kwa dokotala china, kapenanso akabwera ndi bala la masiku angapo loti layamba kale kununkha.

Kuno kunyanja tili ndi msampha wathu. Likodzo ndi lofala m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chipoka, Senga Bay mpaka Lifuwu, motero mtsikana akapezeka ndi magazi pakabudula wam'kati, aliyense amathamangira kunena kuti ndi likodzo. Likhoza kukhala likodzodi, koma yezani mkodzo, funsani ngati magaziwo akutuluka pokodza, ndipo muoneni mwanayo pali munthu wina wa chipatala, mutapempha chilolezo. Matenda opatsirana pogonana pa mwana, kapena mimba pa mtsikana wamng'ono, si nkhani yongolembera mankhwala. Ndipo dziwani kuti ana ambiri ogwiriridwa sapezeka ndi bala kumaliseche, makamaka pakapita masiku. Kusapeza bala sikutanthauza kuti mwana akunama. Anyamata nawonso amagwiriridwa, ndipo iwo ndiye amabisa koposa.

Si bala lililonse lili nkhanza. Mwana wa khunyu amagwera pamoto, mphini za kwa sing'anga zimasiya zipsera, ndipo pali matenda a magazi amene amachititsa mwana kufufuma msanga. Zimenezi ziganiziridwe, koma zisakhale pothawira.

Kulekerera mwana

Umphawi si mlandu. Mayi amene ana ake onse aonda m'mwezi wa Febuluwale akufunika thandizo, osati apolisi. Chodetsa nkhawa ndi pamene mwana mmodzi yekha ndiye wanyentchera, anzake m'nyumba momwemo ali bwinobwino, ndipo kawirikawiri amakhala wamasiye, wopeza kapena wolumala. Kapena mwana akulandira chiponde mwezi ndi mwezi koma sikelo siikukwera, agonekedwa m'chipatala anenepa, abwerera kunyumba aondanso. Mwana wosiyitsidwa ma ARV, wosabayitsidwa katemera, wogona kudoko usiku akudikira mabwato a usipa m'malo mokhala kusukulu m'mawa: zoterezi amayamba kuziona ndi mlangizi wa zaumoyo, chifukwa ndiye amalowa m'makomo.

Lamulo likuti chiyani?

Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limalamula wachipatala kuti akakhala ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti mwana amene akumuona wazunzidwa, walekereredwa kapena wagwiriridwa, adziwitse msanga a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kapena apolisi. Kukhala chete ndi mlandu. Onani kuti lamuloli silikufuna kuti mukhale ndi umboni wonse kapena mudziwe wolakwa. Kufufuza ndi ntchito ya apolisi, kuweruza ndi kwa khoti, yanu ndi kunena zimene mwaona. Udindo womwewu uli pa achibale, osamalira ana ndi anthu a m'mudzi.

Mukakayikira, pemphani womuperekeza adikire kaye panja. Khalani pansi molingana ndi mwanayo, mufunseni mofatsa kuti, "Tandiuza, chinachitika n'chiyani padzanjapa?" Musamutchulire dzina la munthu, musamukakamize, ndipo musamulonjeze kuti simuuza aliyense. Muuzeni kuti sanalakwe. Lembani mawu ake momwe wawanenera, jambulani pa pepala pamene pali bala, kukula kwake ndi maonekedwe ake, tsiku ndi nthawi. Zolemba zosamveka zimagwetsa milandu kukhoti. Ngati mukuona kuti kunyumba sikuli bwino, mugonekeni m'chipatala kufikira a chisamaliro cha anthu atabwera. Pa nkhani yovuta, tumizani ku chipatala chachikulu cha boma ku Salima, ndipo ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli malo a Chikwanekwane komwe achipatala, apolisi ndi opereka uphungu amagwirira ntchito pamodzi.

Kwa makolo ndi achibale

Mwana akagwiriridwa, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala oteteza ku HIV, a PEP, amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa kwa mwezi. Mankhwala oletsa mimba mwadzidzidzi nawonso amafuna kufulumira. Musamusambitse, musachape zovala zimene anavala, zikulungeni mupite nazo. Musachedwe chifukwa chosowa kalata ya kupolisi, thandizo la chipatala liyambe, kupolisi mupita pambuyo pake. Ngakhale masiku atapitapo, pitanibe.

Nkhani yogwirira mwana siithera pabwalo la amfumu kapena pamkeka wa ankhoswe. Mbuzi kapena ndalama zikalandiridwa, maola 72 aja amakhala atatha, wolakwa ali pakhomo pomwepo, ndipo mwana waphunzira kuti kunena sikuthandiza. Kanenezeni ku Victim Support Unit (ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza) ya polisi yapafupi, kwa wogwira ntchito yoteteza ana m'dera lanu, kapena imbani ulere pa 116.

Ndipo inu achipatala, mwana asanatuluke funsani ngati kunyumbako kuli ana ena, lembani tsiku loti abwerenso, ndipo dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwake kuti akapanda kubwera akamulondole.